Kodi maselo a m'thupi amaitanizana bwanji munthu akadwala TB?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Balaka: "Adokotala, mchimwene wanga anamupeza ndi chifuwa chachikulu, ndipo tsiku lomwelo anamupezanso ndi kachirombo ka HIV. Atayamba mankhwala a TB anayamba kupeza bwino. Patatha milungu iwiri anamuyambitsa ma ARV, koma sipanapite nthawi thupi linayambanso kutentha, ndipo m'khosi mwatuluka mwanabere wamkulu ngati dzira. Kunyumba akuti mankhwalawa akulimbana, asiye amodzi. Kuchipatala anangotiuza kuti asilikali a m'thupi adzuka, ayamba kuitanizana. Kodi maselo amaitanizana bwanji poti alibe pakamwa? Komanso ine ndakhala ndikumusamalira m'nyumba imodzi, bwanji sindinadwale?"

Mayi, pepani ndi matenda, ndipo zikomo chifukwa chosatopa ndi achimwene anu. Ndiyambe ndi zomwe sizingadikire mawa. Asasiye mankhwala, kaya a TB kaya ma ARV. Mwanabereyo asamuteme mphini, asamuboole ndi lumo. Abwerere komwe akulandirira mankhwala kuti akawaone. Zomwe anakuuzani kuchipatala zija n'zoona, kungoti anazinena mwachidule. Maselo amaitanizanadi, ndipo zambiri zomwe timaona mwa wodwala TB, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, ngakhale mabowo a m'mapapo, zimachokera pa kuitanizanako.

Selo lilibe pakamwa, inde, koma limatulutsa timapuloteni ting'onoting'ono tomwe timayandama m'madzi a m'thupi. Akatswiri amatitcha ma cytokine. Selo lina limakhala ndi timakutu pakhungu pake, ndipo khutu lililonse limamva uthenga wa mtundu umodzi wokha. Uthenga ukafika pakhutu loyenera, m'kati mwa selolo mumasintha: lomwe linali phee limalusa, lina limanyamuka ulendo, lina limayamba kuswana, lina limadzipha. Pali timapuloteni tina, ma chemokine, tomwe ntchito yake n'kulozera njira basi. Mukataya shuga pansi mumaona nyerere zikundandana kulondola pomwe pali shugayo. Maselo oyera a m'magazi nawo amalondola kumene ma chemokine achuluka. Njira yachitatu ndi yokhudzana. Selo limagundana ndi linzake n'kulionetsa kachidutswa ka mdani komwe lanyamula, ngati munthu woonetsa mfumu chipewa chomwe wakuba wataya pothawa.

Tsono tiyeni tikatsatire kachirombo ka TB. Wodwala akatsokomola, timadontho topepuka kwambiri timatsala tikuyandama m'chipinda kwa maola angapo, makamaka ngati mawindo ali otseka. Wina akapuma mpweyawo, kadontho kamodzi kamatha kutsika mpaka kumapeto kwa mapapo, m'timatumba momwe mpweya umalowera m'magazi. Pamenepo pamakhala mlonda, selo lotchedwa macrophage, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza mdyazambiri. Ntchito yake n'kumeza chilichonse chachilendo, fumbi, mwaye wa utsi wa nkhuni, tizirombo. Akameza amatsekera chinthucho m'kathumba, n'kuthiramo asidi ndi timadzi tosungunula. Tizirombo tambiri timathera pomwepo ife osadziwa n'komwe.

Koma ka TB ndiye ayi. Kachirombo kameneka, komwe Robert Koch anakalengeza ku Berlin pa 24 Marichi 1882, kali ndi chikopa cha mafuta olimba ngati phula, ndipo kamatseka njira kuti asidi uja asalowe m'kathumba momwe kali. Mlonda uja amasanduka nyumba yake. Ndikamaphunzitsa ndimakonda kutchula nankafumbwe: chimanga mukachiona kunja chili bwinobwino, koma m'kati mwa njere muli mwini wake akudya ndi kuswana. Ndipo sikapupuluma. Mabakiteriya ena amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, koma aka kamatenga maola 15 mpaka 20. Kuchedwa kumeneku kumakathandiza, poti chinthu chobwera pang'onopang'ono sichidzidzimutsa anthu msanga.

Mlonda uja amakuwa ndithu. Pakhungu pake pali timakutu tomwe timazindikira mafuta a chikopa cha kachiromboka, ndipo akazindikira amatulutsa mauthenga awiri ofunika, TNF ndi IL-1, pamodzi ndi ma chemokine. Mitsempha ya magazi yapafupi imamva, imamasuka, ndipo maselo ena oyera amatuluka m'magazi kubwera pamalopo. Koma obwera kudzathandizawa sanauzidwe bwino za mdaniyo. Gulu la katswiri wofufuza za TB, Lalita Ramakrishnan, linaonetsa zimenezi pogwiritsa ntchito kachirombo kachibale ndi ka TB ndi tiana ta nsomba yotchedwa zebrafish, tomwe thupi lake n'loonekera m'kati ngati galasi. Anaona ndi maso ma macrophage atsopano akuthamangira pomwe mnzawo wafera, n'kumeza mtembo wake pamodzi ndi tizirombo tamoyo, kenako ena a iwo n'kunyamuka kukayambitsa chisa china kutali. Ndiye kuti masiku oyambawa mfuu ya thupi imaitanira kachiromboka nyumba zatsopano.

Thandizo lenileni limafuna mthenga. Pali selo lina lotchedwa dendritic, lokhala ndi manja ambiri ngati nthambi za mtengo, lomwe limatola zidutswa za kachiromboka n'kupita nazo kwa anabere a m'chifuwa. Anabere, omwewa amene amatupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndi mabwalo momwe maselo achitetezo amakumanirana. Mmenemo mumadutsa maselo a CD4, aja timawawerenga kuchipatala n'kumawatcha asilikali. Selo lililonse la CD4 limadziwa nkhope ya mdani mmodzi yekha, choncho mwa zikwizikwi zodutsa pabwalopo, odziwa TB ndi owerengeka. Mthenga uja amaimika kachidutswa kaja m'mwamba mpaka woyenerayo atapezeka. Akagundana, mthenga amawonjezera liwu lina, IL-12, lomwe tanthauzo lake ndi lakuti mdaniyu sali pabwalo, wabisala m'kati mwa maselo athu omwe. Selo la CD4 likamva zimenezi limayamba kuswana mofulumira, ndipo mwanabere amatupa chifukwa cha kuchuluka kwa maselo pabwalo.

Vuto la TB ndi lakuti uthengawu umachedwa. Pa chimfine, zonsezi zimatheka m'masiku ochepa. Pa TB, poyesa pa mbewa, pamapita mlungu wathunthu ndi masiku ena kachiromboka kasanafike n'komwe kwa anabere, ndipo mwa munthu pamatenga milungu 2 mpaka 8 kuti thupi lionetse kuti lamuzindikira mdaniyo. M'milungu imeneyi tizirombo timakhala tikuswana popanda wotiletsa, ndipo tina timalowa m'magazi kukakhala kumsana, ku impso, kapena ku zikuta za ubongo. N'chifukwa chake makanda, omwe maselo awo sanazolowere kutumizirana mauthenga, ndi amene amagwidwa kwambiri ndi TB ya muubongo komanso ija yomwazika thupi lonse. Katemera wa BCG, uja amasiya chipsera pamkono, amaperekedwa mwana akangobadwa pofuna kuti uthenga woyambawu ukhale utafika kale.

Maselo a CD4 aja akachuluka amalowa m'magazi, n'kulondola ma chemokine mpaka m'mapapo. Akapeza macrophage yemwe wanyamula kachirombo m'mimba, amamukhudza n'kumuuza liwu lomwe ndi mtima wa nkhani yonseyi: interferon-gamma. Macrophage akamva liwu limeneli amasintha ngati munthu amene wathiridwa madzi ozizira ali m'tulo. Kathumba kaja amakathira asidi mokakamiza, amayamba kugaya ziwalo zake zomwe muli kachirombo, amapanga poizoni woti aphere mlendoyo. Iye naye amayankha ndi IL-12 wina, CD4 n'kuwonjezera interferon-gamma. Zimakhala ngati nyimbo ya pamtondo, wina akatsogolera wina amavomera, ndipo mphamvu ya munsi imachokera m'kuvomerezanako.

Mwina mungafunse kuti tikudziwa bwanji, poti palibe anamvapo maselo akulankhula. Timadziwira pa zomwe zimachitika liwu limodzi likasowa. Mu 1993 magulu awiri a akatswiri ku America anaonetsa kuti mbewa zosatha kupanga interferon-gamma zimafa msanga zikapatsidwa TB. Mu 1996 madokotala a ku London anafotokoza za ana anayi ochokera m'mudzi umodzi pachilumba cha Malta, omwe ankadwala mwakayakaya ndi tizirombo tachibale ndi TB, tija timapezeka m'dothi ndi m'madzi koma sitivutitsa anthu ambiri. Anapeza kuti anawo anabadwa opanda khutu lomvera interferon-gamma. Maselo awo a CD4 ankakuwa mokwanira, koma macrophage sankamva kanthu. Za TNF tinaziphunzira mowawanso. Kunabwera mankhwala otchedwa infliximab, omwe amatseka TNF pofuna kuthandiza odwala nyamakazi yoopsa ndi matenda ena otupitsa matumbo. Mu 2001 kunatuluka lipoti la anthu 70 omwe anadwala TB atayamba mankhwalawo, ambiri m'miyezi yoyambirira. Masiku ano munthu asanapatsidwe mankhwala a mtundu umenewu amayamba wayezedwa TB.

TNF ndiye amene amagwirizira mpanda. Maselo onse oitanidwa aja sabalalika, amamanga kabulunga kotchedwa granuloma, ndipo dzina loti tuberculosis linachokera pa timabulunga timeneti. Tsiku loyamba lomwe ndinakaona pa maikulosikopu sindidzaliiwala. Pakati panali ma macrophage atapanikizana ngati njerwa, ena atasungunukirana n'kukhala selo limodzi lalikulu lokhala ndi timitima tambiri tondandana m'mphepete ngati mikanda ya m'khosi. Kunja kwake kunali mkombero wa timadontho tabuluu, omwe ndi ma CD4 ndi anzawo, atazinga ngati anthu oonerera gule. Kabulunga konseko kukula kwake ngati njere ya mawere. M'katimo mpweya ndi wochepa, chakudya n'chochepa, ndipo kachirombo kamachepetsa moyo wake n'kungokhala. Koma mpandawu si wa njerwa zenizeni. Maselo amafa, ena n'kulowa m'malo, ndipo umaima pokhapokha ngati TNF, IL-12 ndi interferon-gamma zikumvekabe tsiku ndi tsiku.

Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachiwiri. Akuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anakumanapo ndi kachiromboka, koma mwa anthu 100 otere, amene amadzadwala m'moyo wawo wonse ndi 5 mpaka 10, ndipo ambiri a iwo amadwala m'zaka ziwiri zoyambirira. Inuyo mwina simunapume kadontho kokwanira, mwina alonda anu anakapha tsiku lomwelo, mwinanso mpanda ulipo ndipo waima. Kuyeza kwa pakhungu kuja, komwe amabaya pamkono n'kudzayeza chotupa patatha maola 48 mpaka 72, n'kufunsa maselo a CD4 ngati nkhope iyi akuidziwa, ndipo chotupacho ndi maselo omwe aitanizana pamalopo. Kuyeza kwina kwa m'magazi kumayeza interferon-gamma yemweyo m'kabotolo. Koma zonsezi zimangonena kuti munakumanapo, sizinena kuti mudzadwala kapena ayi. Choncho kusadwala lero kusakupangitseni kukhala pansi. Pitani mukapimidwe TB, mukayezetsenso HIV, ndipo ana onse a m'nyumbamo, makamaka osakwana zaka 5, apite nawo. Alipo mankhwala oteteza, ena omwa kamodzi pa mlungu kwa milungu 12, omwe amapha tizirombo tobisala mpanda usanagwe.

Tsono ndifike pa mbali yomwe anthu ambiri saiyembekezera. Mauthenga omwewa akachuluka ndi amene amadwalitsa. IL-1, IL-6 ndi TNF zikasefukira m'magazi zimakafika ku ubongo n'kuuuza kuti ukweze kutentha kwa thupi, ndipo kutenthako kukamatsika m'bandakucha munthu amadzuka zofunda zili nyowe. TNF asanadziwike bwino, akatswiri ena anamupatsa dzina loti cachectin, lochokera ku liwu lotanthauza kuwonda, chifukwa amapha chilakolako cha chakudya n'kusungunula mafuta ndi minofu. IL-6 amauza chiwindi kuti chibise ayironi kuti kachirombo kasamupeze, koma mafupa nawo amamusowa popanga magazi, n'chifukwa chake odwala TB ambiri amapezeka ndi magazi ochepa. Wodwala akamakana nsima si mwano, Mayi, ndi uthenga womwe wafika ku ubongo.

M'mapapo ndiye zimaopsa kwambiri. Mfuu ikapanda kutha, kumabwera khamu la maselo otchedwa neutrophil, omwe sadziwa kusankha. Amathira poizoni paliponse n'kufera pomwepo. Pakati pa granuloma pamaola, pamasanduka zoyera zofewa ngati chambiko chouma, ndipo timadzi tina totchedwa MMP timadya ulusi womwe umagwira mapapo mpaka chotupacho chitabookera m'njira ya mpweya. Munthu akatsokomola zoolazo zimatuluka, n'kutsala bowo lomwe timaliona pa X-ray, momwe tizirombo timaswana mamiliyoni. Zili ngati anyamata otentha tchire posaka mbewa, moto n'kukalowa m'nkhokwe. Ndipo kachiromboka kamafuna zimenezi, poti bowo ndi chifuwa zimakathandiza kwambiri kufika kwa munthu wina. Chimene chimandizizwitsa mpaka lero n'chakuti kamadziwa kusokoneza mauthenga. Kali ndi puloteni yotchedwa ESAT-6 yomwe imaboola kathumba kaja, ndipo zina za m'thupi mwake zikatayikira m'selo, selolo limaganiza kuti lalowedwa ndi vairasi. Limayamba kukuwa liwu lolakwika, interferon wa mtundu woyamba, yemwe amathandiza pa chimfine koma pa TB amagonthetsa macrophage kuti asamve bwino interferon-gamma, amachepetsa IL-1, n'kukweza IL-10 yemwe ndi liwu louza maselo kuti akhale chete. Mu 2010 akatswiri anayeza magazi a odwala TB ku London ndi ku Cape Town, ndipo anapeza chidindo cha interferon chimenechi chitalembeka kwambiri m'ma neutrophil, chikukula molingana ndi kukula kwa matenda m'mapapo, n'kumafufutika munthu akamamwa mankhwala.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa dziko lathu lili ndi gawo lake m'nkhaniyi. Ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wa katemera wa BCG pa anthu oposa 120,000, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 1996 zinaonetsa kuti katemerayu ankateteza ku khate koma osati ku TB ya m'mapapo ya akuluakulu, pomwe ku Britain katemera yemweyo ankateteza bwino. Mu 2002 anayerekeza achinyamata a ku Karonga ndi a ku Britain. A kwathu anapezeka kuti maselo awo ankatulutsa kale interferon-gamma asanabayidwe, chifukwa chokumana ndi tizirombo tachibale ta m'dothi ndi m'madzi, ndipo katemera sanawonjezere zambiri. Ku South Africa nako katemera woyeserera wotchedwa MVA85A anaperekedwa kwa makanda pafupifupi 2,800, anadzutsa maselo otulutsa interferon-gamma, koma mu 2013 zinadziwika kuti sanateteze. Phunziro lake linali lowawa kwa ife a ntchitoyi: popanda liwuli munthu sangapulumuke, koma kulikweza kokha sikokwanira. Katemera wina, M72, anateteza pafupifupi theka la anthu omwe anamulandira poyesedwa ku Kenya, South Africa ndi Zambia, ndipo kuyesa kwake kwakukulu kunayamba mu 2024, Malawi ali momwemo.

Tibwerere kwa achimwene anu. HIV imasaka maselo a CD4, omwewo otsogolera nyimbo aja. Munthu wathanzi amakhala nawo 500 mpaka 1,500 m'kadontho komwe timayeza, ndipo HIV imawatsitsa chaka ndi chaka. Choipa china n'chakuti ma CD4 odziwa TB ali m'gulu la oyamba kutha. Mpanda umayamba kugwedera, ndipo munthu amene ali ndi HIV amakhala pachiopsezo chodwala TB kuposa mnzake maulendo oposa 10. CD4 ikatsikitsitsa, TB imasinthanso maonekedwe. Popeza palibe okuwa mokwanira, mabowo sapangika kwenikweni, makhololo akhoza kutuluka opanda kanthu, X-ray n'kuoneka yoyera, pomwe tizirombo tadzaza anabere, chiwindi, kapamba ndi magazi. N'chifukwa chake odwala otere amayezedwanso mkodzo ndi kachipangizo kotchedwa LAM, ndipo kafukufuku wofunika wa njira imeneyi, yemwe anatuluka mu 2018, anachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi china ku South Africa.

Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zomwe timazitcha IRIS, kutupa ndi kutentha thupi kobwera chitetezo chikayamba kudzuka chifukwa cha ma ARV, ngakhale wotsimikiza ndi amene awapime. M'miyezi yomwe CD4 inali pansi, tizirombo tinadzazana mwakachetechete m'mwanabere wa m'khosiyo. Mankhwala a TB anayamba kutipha, n'chifukwa chake anapeza bwino, koma mitembo yake, ndi chikopa chamafuta chija, siichoka msanga. Ma macrophage anakhala atakhuta zidutswazo, akudikira liwu lomwe silinkabwera. Ma ARV atayamba, HIV inatsika m'magazi m'masiku ochepa, ma CD4 otsala anamasuka n'kuyamba kuyendanso m'thupi. Atafika m'khosimo anapeza mdani ali mbwee, onse n'kukuwa interferon-gamma nthawi imodzi, ndipo ma macrophage omwe anali ndi ludzu la liwulo anayankha mopyola muyeso ndi TNF, IL-1 ndi IL-6. Kutentha thupi n'kubwerera, mwanabere n'kufufuma. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mankhwala sakulimbana ayi, onse awiri akugwira ntchito, ndipo matopewa abwera chifukwa mvula yagwa.

Nthawi zambiri izi zimayamba m'mwezi woyamba wa ma ARV, makamaka kwa amene CD4 yawo inali pansi pa 100. Kwa ambiri kutentha thupi kumatha m'milungu ingapo, koma mwanabere amatha kukhala miyezi, nthawi zina n'kuchita mafinya omwe adokotala amawakoka ndi jakisoni. Wina angafunse kuti bwanji osadikira kuti TB ithe kaye. Funso limeneli linayesedwa, ndipo zofufuza zitatu zazikulu zomwe zinatuluka mu 2011, ina ya ku Cambodia, ina ya ku South Africa, ina ya m'mayiko angapo, zinaonetsa kuti kwa amene CD4 yawo ili pansi kwambiri, kuchedwetsa ma ARV kumapha anthu ambiri kuposa IRIS. Pamene timadikira dala ndi pa TB ya muubongo, chifukwa chigaza sichitanuka, ndipo kutupa pang'ono kwa m'menemo kukhoza kutenga moyo.

Phokoso likakula tili nayo njira yolitsitsira. Mankhwala otchedwa prednisone amachepetsa kupangidwa kwa ma cytokine ambiri nthawi imodzi. Ku Khayelitsha, ku Cape Town, anayesa kumupereka kwa milungu inayi kwa odwala TB omwe CD4 yawo inali 100 kapena kutsika pamene akuyamba ma ARV, ndipo mu 2018 zinadziwika kuti odwala IRIS anatsika kuchoka pa 47 kufika pa 33 mwa 100 alionse. Koma chonde musakagule prednisone pa golosale kapena pa famase mwa inu nokha. Adokotala amayenera atsimikize kaye kuti kutentha thupiko si malungo, si matenda ena obisala, si TB yosamva mankhwala, komanso kuti wodwalayo alibe khansa ya pakhungu ya Kaposi, yomwe imakula msanga ndi mankhwalawa.

Pali china chomwe chimandipweteka mtima, ndipo ndichinena poti mwina chafika kale pakhomo panu. Banja likaona wodwala akubwerera m'mbuyo, pamabwera ogulitsa mabotolo ndi maufa oti ndi okweza chitetezo, ndipo ndaonapo anthu akugulitsa mbuzi chifukwa cha zimenezi. Mwaona nokha kuti chitetezo si madzi a m'ndowa oti ungowonjezera. Achimwene anu panopa vuto lawo si kuchepa kwa mfuu. Ndipo zosakaniza zina zimapweteka chiwindi, chomwe chili kale pa ntchito yaikulu yogaya mankhwala a TB. Ndalama imeneyo igule chakudya. Maselo amapanga mauthenga awo kuchokera ku mapuloteni, ndipo njala ndi imodzi mwa zinthu zazikulu zogwetsa mpanda uja. Ku Jharkhand, ku India, anapatsa chakudya cha mwezi ndi mwezi anthu okhala nyumba imodzi ndi odwala TB, ndipo mu 2023 anapeza kuti odwala atsopano m'mabanjamo anachepa ndi pafupifupi 40 mwa 100 alionse. Nyemba, nandolo, usipa, mazira, nsinjiro m'ndiwo ndi m'phala, zimenezi n'zothandiza kwa iwo ndi kwa inu nomwe. Fodya ndi mowa azisiye, ndipo ngati sanayezedwe shuga ayezedwe, poti matenda a shuga nawo amafooketsa ma macrophage.

Zilipo zizindikiro zoti mukaziona musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Mutu ukamawawa kwambiri kapena khosi kuuma, akayamba kusokonezeka kapena kukomoka, akamabanika kapena mwanabereyo akamawalepheretsa kumeza, maso akachita chikasu, kapena akamasanza mankhwala, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Popita mutenge kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa, kuphatikizapo a zitsamba ngati alipo, osabisa. Muwauze adokotala tsiku lomwe anayamba mankhwala a TB, tsiku lomwe anayamba ma ARV, ndi tsiku lomwe thupi linayambanso kutentha, chifukwa masiku atatu amenewa ndi amene amatithandiza kuzindikira IRIS. Mufunsenso kuti CD4 yawo inali zingati, komanso ngati makina oyezera TB otchedwa GeneXpert anaonetsa kuti kachirombo kawo kakumva rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB. Kunyumba, tengani kaulusi muyeze kukula kwa mwanabereyo, mumange mfundo, ndipo muziyezanso pakapita masiku atatu alionse kuti mukathe kuwauza ngati akukula kapena akuphwa.